Mbiri ya 3 Malichi, Tsiku Lokumbukira Ofera Ufulu m'Malawi

Tsiku la 3 Malichi ndi tchuthi cha boma m'Malawi. Pa kalendala limalembedwa kuti Martyrs' Day, tsiku lokumbukira anthu amene anataya miyoyo yawo pomenyera ufulu wa dziko. Gwero lake ndi zimene zinachitika pa 3 Malichi 1959, dzikoli likutchedwa Nyasaland, pamene boma la atsamunda a ku Britain linamanga atsogoleri a chipani cha Nyasaland African Congress ndi kuombera anthu amene anakana kuti atsogoleriwo atengedwe. Tsikulo silinasunthepo pa kalendala, koma kakumbukiridwe kake, ndi maina ololedwa kutchulidwa pa tsikulo, zakhala zikusintha malinga ndi amene ali pa mpando.

Mkangano umene unabala tsikuli unayamba ndi Chitaganya. M'chaka cha 1953 Britain inaphatikiza Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia pansi pa boma limodzi lokhala ku Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare. Anthu akuda a ku Nyasaland anakana koma sanamveredwe, ndipo anali ndi chifukwa chokanira: amuna ambiri a kuno anali atagwirapo ntchito m'migodi ndi m'mafamu a ku Southern Rhodesia, anaona ndi maso awo tsankho la kumeneko, ndipo sanafune kuti liwatsate kwawo. Pamwamba pa Chitaganya panali madandaulo akale, thangata m'minda ya azungu ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu, ndiponso malamulo a malimidwe amene ankapangitsa mlimi kulipira chindapusa kapena kumangidwa chifukwa cha mizere ya m'munda mwake momwe. Chaka chomwecho kunabuka zipolowe ku Thyolo ndi madera oyandikira, anthu 11 nkuphedwa. Inkosi Philip Gomani ya ku Ntcheu inachotsedwa pa ufumu chifukwa chouza anthu ake kuti asamvere malamulo a boma, ndipo inamwalira chaka chotsatira.

Anyamata a mu Congress, monga Masauko Chipembere ndi Kanyama Chiume, anaona kuti chipani chikufunika munthu wamkulu amene mafumu ndi anthu a kumudzi angamumvere. Anaitana Dr Hastings Kamuzu Banda, amene anatera pa Chileka pa 6 Julayi 1958 atakhala kunja zaka zoposa 40. Mwezi wotsatira, pa msonkhano waukulu wa chipani ku Nkhata Bay, anamusankha kukhala mtsogoleri. Misonkhano yake inkadzaza anthu ofuula kuti "Kwacha!", ndipo pofika kumayambiriro kwa 1959 apolisi ndi anthu ankalimbana kawirikawiri. Pa 25 Januwale atsogoleri a Congress anachita msonkhano wa kutchire pafupi ndi Blantyre, Dr Banda palibe. Akazitape anauza boma kuti kumeneko anapangana zopha Gavanala, azungu, amwenye ndi mafumu ogwirizana ndi boma. Mu Febuluwale anthu analanda bwalo la ndege la Fort Hill, kumene lero ndi ku Chitipa, ndipo boma la Chitaganya, lotsogozedwa ndi Roy Welensky, linatumiza asilikali kuchokera ku Southern Rhodesia.

Usiku wolowera pa 3 Malichi, Gavanala Robert Armitage analengeza State of Emergency, lamulo lopatsa boma mphamvu zomanga munthu popanda kumuzenga mlandu. Ntchito yogwira anthu anaitcha Operation Sunrise, ndipo inayamba kusanache. Dr Banda anamutenga kunyumba kwake ku Limbe akadali m'zovala zogonera, nkumukweza ndege kupita kundende ya Gwelo, lero Gweru, kumene anakhala pamodzi ndi Chipembere ndi abale awiri, Dunduzu ndi Yatuta Chisiza. Ena anawatumiza kundende ya Khami pafupi ndi Bulawayo, ndipo ambiri anawatsekera mumpanda wa waya ku Kanjedza. Rose Chibambo, amene ankatsogolera amayi a mu Congress, anali woyembekezera. Anamudikira kuti achire, kenako nkumutsekera ku Zomba ndi khanda lake, limene analitcha Gadi. Onse omangidwa popanda mlandu anapitirira 1,300.

Magazi ambiri anakhetsedwa ku Nkhata Bay. Pa doko panali sitima ya Mpasa, imene inabwera kudzatenga omangidwa a m'mbali mwa nyanja kupita nawo kummwera. Mbiri itamveka m'midzi kuti atsogoleri awo ali m'sitimamo, anthu, amuna ndi akazi, anakhamukira kudoko kukafuna kuti awamasule. DC wa bomalo, John Brock, anali ndi asilikali achizungu owerengeka ochokera ku Southern Rhodesia, ndipo ankadikira ena ochokera ku Mzuzu amene anachedwa kufika. Anayesa kulankhula ndi khamulo, anawerenga lamulo lowauza kuti abalalike, koma anthu anapitirira kuyandikira. Atapereka mphamvu kwa asilikali, mfuti zinalira. Lipoti la boma linati anafa anthu 20. Anthu a ku Nkhata Bay amawerenga 31, ndipo ena amatchula 33. M'dziko lonse, chiwerengero cha boma cha anthu ophedwa pa nthawi yonse ya chipwirikiticho chinali 51, onsewo anthu akuda. Mwa azungu amene ankati apangiridwa chiwembu, sanafepo ndi mmodzi yemwe.

Ku London nkhaniyi inavuta. Tsiku lomwelo la 3 Malichi 1959, kundende ya Hola ku Kenya, alonda anamenya mpaka kupha akaidi 11 a Mau Mau, choncho boma la Harold Macmillan linali ndi milandu iwiri yoyankha nthawi imodzi. Linatuma woweruza Patrick Devlin kudzafufuza za ku Nyasaland. Lipoti lake, limene linatuluka mu Julayi 1959, linavomereza kuti boma linkayenera kuchitapo kanthu pa zipolowezo, koma linati umboni wa chiwembu chopha azungu panalibe, kuti asilikali ndi apolisi anamenya anthu ndi kutentha nyumba mosatsata lamulo, kuti pafupifupi munthu wakuda aliyense ankadana ndi Chitaganya, ndiponso kuti Nyasaland inali itasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi. Boma la Britain linakana zambiri za m'lipotilo, komabe zinthu zinayenda mofulumira. Orton Chirwa atatuluka m'ndende anayambitsa Malawi Congress Party mu Sepitembala 1959, Aleke Banda akumuthandiza. Dr Banda anamasulidwa pa 1 Epulo 1960, chipanicho chinapambana chisankho cha mu Ogasiti 1961, Chitaganya chinatha pa 31 Disembala 1963, ndipo pa 6 Julayi 1964 kunabadwa dziko la Malawi. Ichi ndicho chifukwa 3 Malichi amawerengedwa ngati tsiku limene ulamuliro wa atsamunda unayamba kugwa. Mbendera yatsopano inasunga chikumbutso chake: mzere wofiira wa pakati umaimira magazi a ofera ufulu.

Mu ulamuliro wa Dr Banda, tsikuli linkasungidwa ngati maliro a m'mudzi, amene amaimitsa khasu la aliyense mpaka thupi litaikidwa. Kusiyana kwake nkwakuti pa maliro munthu amasiya ntchito chifukwa cha chisoni ndi ulemu, pamene pa 3 Malichi ambiri ankasiya chifukwa cha mantha. Misika, masitolo ndi malo omwera mowa zinkatsekedwa. Kupita kumunda, kuimba ng'oma, kusewera mpira, ngakhale kuoneka ukusangalala pagulu, zinkatengedwa ngati kunyoza boma. A Malawi Young Pioneers ndi anyamata a Youth League ovala malaya ofiira, amene anthu ankawatcha achiswe, ankayendayenda m'midzi ndi m'makwalala kuona amene waphwanya mwambo. Wogwidwa ankatha kumenyedwa kapena kukagona kupolisi. Makolo ankatsekera ana m'nyumba, ndipo amayi ankatungiratu madzi ndi kutoleratu nkhuni dzulo lake.

Liwu lokhalo limene linkamveka tsiku limenelo linali la wailesi ya MBC, popeza ina kunalibe, ndipo wailesi ya kanema inali isanafike. Nyimbo zovina zinkachotsedwa, nkuikapo nyimbo zachisoni ndi zauzimu, nkhani za Chitaganya, ndi sewero lalitali la John Chilembwe, limene ana a nthawi imeneyo analimva chaka ndi chaka mpaka kuliloweza. Motero Chilembwe analowa mu 3 Malichi ngakhale kuti nkhondo yake inachitika zaka 44 chisanafike chaka cha 1959. M'busayu, amene anaphunzira ku Lynchburg m'dziko la America ndi kuyambitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu m'chaka cha 1900, anadandaula za thangata ndi za kutenga anthu akuda kukafera pa nkhondo ya azungu ya 1914. Pa 23 Januwale 1915 anthu ake anaukira, napha William Jervis Livingstone, kapitawo wamkulu wa minda ya A.L. Bruce ku Magomero, ndi azungu ena awiri. Chilembwe anaomberedwa pa 3 Febuluwale cha ku Mulanje, anaikidwa m'manda obisika, ndipo tchalitchi chake anachiphulitsa. Boma la Dr Banda linamulemekeza, mpaka kutulutsa masitampa a chikumbutso chake m'chaka cha 1965. Chilembwe sankaopsa aliyense: anali atafa kale, ndipo nkhani yake inkakambidwa ngati chiyambi cha ntchito imene Ngwazi Dr Banda anadzatsiriza.

Amene ankaopsa anali amoyo. Patangopita miyezi iwiri dziko litalandira ufulu, nduna zinasemphana ndi Dr Banda, ndipo pofika kumapeto kwa 1964 Chipembere, Chiume, Orton Chirwa, Yatuta Chisiza, Rose Chibambo ndi ena anali atachotsedwa kapena kutula pansi maudindo, ambiri nkuthawira kunja. Kuyambira pamenepo ankatchedwa zigawenga, ndipo kutchula maina awo pagulu kunali kudziputira ndende. Choncho mbiri ya 1959 inkakambidwa chaka chilichonse popanda anthu amene anaitana Dr Banda ndi kukhala naye ku Gwelo. Zimene zinkamveka kwambiri zinali maloto ake a m'ndendemo, osamutsa likulu kuchoka ku Zomba kupita ku Lilongwe, omanga yunivesite ndi msewu wa m'mbali mwa nyanja. Ngakhale anthu ophedwa ku Nkhata Bay ankatchulidwa ngati gulu chabe. Maina awo ankasungidwa ndi abale awo.

Pa zaka zomwezo, boma limene linkalamula dziko lonse kulira ofera ufulu linkaonjezera manda ena amene munthu sankaloledwa kuwalira. Medson Silombela, mmodzi wa otsatira Chipembere, ananyongedwa ku Zomba m'chaka cha 1966 pamaso pa anthu oitanidwa kudzaonerera. Yatuta Chisiza anaphedwa pomenyana ndi asilikali cha ku Mwanza mu Okutobala 1967. A Mboni za Yehova, amene analetsedwa chaka chomwecho chifukwa chokana kugula makadi a chipani, anamenyedwa, kuphedwa ndi kuthamangitsidwira ku Zambia ndi ku Mozambique. Wotsutsa boma Attati Mpakati anaphedwa ku Harare m'chaka cha 1983. Mu Meyi chaka chomwecho nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, anapezeka atafa pa msewu wa ku Thambani ku Mwanza, boma nkulengeza kuti inali ngozi ya galimoto. Mtolankhani Mkwapatira Mhango anafa ndi a m'banja lake nyumba yawo itatenthedwa ku Lusaka m'chaka cha 1989. Orton Chirwa, amene anayambitsa chipani cholamulacho, anafera m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992, atakhala m'ndende zaka zoposa 10.

Kalata ya maepiskopi a Katolika, imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, ndi kubwera kwa wotsutsa boma Chakufwa Chihana mwezi wotsatira, zinatsegula njira ya riferendamu ya pa 14 Juni 1993 ndi chisankho cha pa 17 Meyi 1994. Boma la Bakili Muluzi linasintha kalendala ya zikumbutso. Tchuthi cha Kamuzu Day cha pa 14 Meyi chinachotsedwa, 14 Juni anakhala Freedom Day, ndipo Chilembwe anapatsidwa tsiku lakelake, 15 Januwale, ngakhale kuti tsikulo si limene anaukira kapena kufa. Nkhope yake inaikidwa pa ndalama za pepala. Msewu waukulu wa pakati pa Blantyre ndi Limbe, pamene pali chipilala cha ufulu, unasiya kutchedwa Kamuzu Highway nkukhala Masauko Chipembere Highway, mwini dzina atamwalira kale ku Los Angeles m'chaka cha 1975. Za ku Mwanza zinafufuzidwa, nkupezeka kuti anthu anayi aja anaphedwa ndi apolisi. Dr Banda ndi wothandizira wake John Tembo anazengedwa mlandu, koma khothi linawapeza osalakwa mu Disembala 1995. Ku Thambani kunamangidwa chipilala. Malamulo atsopano a dziko anakhazikitsanso bwalo lopereka chipepeso kwa ozunzidwa mu ulamuliro wa chipani chimodzi, koma linatsekedwa anthu ochuluka asanalandire ndalama zawo, nkhani imene ofesi ya Ombudsman inaitulutsanso poyera m'chaka cha 2017.

Kalendalayo inasinthanso pa nthawi ya Bingu wa Mutharika. Iye anamangira Dr Banda, amene anamwalira m'chaka cha 1997, manda aulemu ku Lilongwe, amene anatsegulidwa m'chaka cha 2006, anabwezeretsa Kamuzu Day ndi kuchotsa Freedom Day. M'chaka cha 2010 anasintha mbendera, koma inabwerera mwakale m'chaka cha 2012 Joyce Banda atalowa m'boma. Ndalama za pepala zimene zinatuluka chaka chimenecho zinasonkhanitsa anthu amene mbiri inawalekanitsa: Inkosi ya Makhosi M'mbelwa II pa K20, Inkosi Gomani pa K50, James Frederick Sangala, mmodzi wa oyambitsa Congress m'chaka cha 1944, pa K100, Rose Chibambo pa K200, Chilembwe pa K500, ndi Dr Banda pa K1,000. Mayi Chibambo anaona nkhope yawo pa ndalama akadali moyo. Anamwalira mu Januwale 2016. Koma ulamuliro wa zipani zambiri nawonso unabala manda ake. Pa zionetsero za pa 20 Julayi 2011 anthu 20 anaphedwa, ambiri a iwo ku Mzuzu, ndipo ena anaikidwa pamodzi kumanda a Zolozolo. Tsikulo si tchuthi, ndipo amalikumbukira makamaka ndi abale, mipingo ndi mabungwe omenyera ufulu wa anthu.

Vuto losankha woyenera kukumbukiridwa si la Malawi yekha, ndipo maiko oyandikana nawo analithetsa mosiyanasiyana. Zimbabwe inamanga manda a ngwazi za dziko, National Heroes Acre, pa phiri kunja kwa Harare mothandizidwa ndi North Korea, ndipo amene amagamula woikidwa kumeneko ndi akuluakulu a chipani cholamula cha ZANU-PF. Ndabaningi Sithole, amene anayambitsa ZANU, anakanizidwa malo. Mozambique imakumbukira ngwazi zake pa 3 Febuluwale, tsiku limene Eduardo Mondlane anaphedwa ndi bomba ku Dar es Salaam m'chaka cha 1969. Zambia ili ndi Heroes' Day Lolemba loyamba la Julayi, ndi chiboliboli cha munthu wodula unyolo ku Lusaka. South Africa inatenga 21 Malichi, tsiku limene apolisi anapha anthu 69 ku Sharpeville m'chaka cha 1960, nkulisandutsa tsiku la ufulu wachibadwidwe. Tsiku la Malawi likufanana kwambiri ndi la ku Sharpeville, chifukwa amene anafa sanali asilikali kapena atsogoleri, koma anthu wamba a m'midzi ya m'mbali mwa nyanja. Asilikali ali ndi mwambo wawo mu Novembala, wokumbukira amene anafa pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu za dziko lonse, ndipo zipilala zawo zili ku Zomba ndi ku Lilongwe. Nzodabwitsa pang'ono kuti nkhondo yoyamba mwa ziwirizo ndi yomwe Chilembwe ankaletsa anthu ake kupitako.

Masiku ano 3 Malichi alibenso mantha. Minibasi zimayenda, misika imatsegulidwa, mawailesi amaimba nyimbo zimene afuna, ndipo kwa anthu ambiri a m'tauni ndi tsiku lopuma basi. Akuluakulu ena amadandaula kuti ulemu unatha, ngakhale kuti ulemu wakalewo unkasungidwa ndi chikoti. Mwambo weniweni unasamukira kumene zinachitikira. Ku Nkhata Bay kumakhala mapemphero a mipingo yosiyanasiyana, ndipo mafumu a Chitonga, abale a omwalira, nduna, nthawi zina ndi mtsogoleri wa dziko, amaika nkhata zamaluwa pa chipilala cha pa boma ndi kumanda a ku Kakumbi. Kumeneko maina a ophedwa amamveka, chinthu chimene sichinkachitika kawirikawiri pa zaka 30 zoyamba za ufulu. Andale amapezerapo mwayi wolonjeza chitukuko, ndipo abale amabwereza pempho lawo lakuti mandawo asamalidwe bwino ndiponso kuti mabanja athandizidwe. Pa 15 Januwale mwambo wonga womwewo umachitikira ku Providence Industrial Mission, tchalitchi chimene Dr Daniel Malekebu anachitsegulanso m'chaka cha 1926.

Dzina la Chilembwe linafika mpaka pakati pa London. Mu Sepitembala 2022 chiboliboli chake, chosemedwa ndi Mmalawi Samson Kambalu, chinaimikidwa kwa kanthawi pa Trafalgar Square, chikumuonetsa atavala chipewa pambali pa mzungu mnzake John Chorley, pokumbutsa nthawi imene munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa akakumana ndi mzungu. Nkhani ya ku Nkhata Bay ndiyo sinayende chimodzimodzi. M'chaka cha 2013 boma la Britain linavomera kulipira mapaundi 19.9 miliyoni kwa anthu 5,228 a ku Kenya amene anazunzidwa pa nthawi ya Mau Mau, ndipo linalipiranso chipilala cha chikumbutso chawo ku Nairobi. Poona zimenezi, mabanja a ku Nkhata Bay, motsogozedwa ndi loya Ralph Mhone amene panthawiyo anali phungu wa deralo, anapempha m'chaka cha 2015 kuti nawonso apepesedwe chifukwa cha abale awo amene anaomberedwa pa doko. Pempho lawo silinayankhidwe monga linayankhidwira la ku Kenya.